Kodi alipo akumverabe aulutsi a ndale aja pa AM?

Aphiri a Thiraki:
Akuluakulu ndi achemwali nonse, alipo pano amene akumverabe mapulogalamu a ndale aja a pa wailesi za AM ndi mtima umene tinkamvera nawo kale? Ndikufunsa chifukwa madalaivala anzanga kuno ku Indiana, azungu oti chibadwire sanavoterepo Democrat, ambiri asiya. Wina amatsegula nyimbo, wina mpira, wina amayendetsa chete kuchoka ku Gary mpaka ku Toledo. Mukawafunsa sanena kuti asintha chipani ayi. Amangoti atopa. Ineyo maganizo anga pa nkhani yochotsa mimba, ya misonkho, ya ukwati, sanasunthe ngakhale pang'ono, koma ikakwana 12 masana dzanja silipitanso pa batani lija.

Ambewe:
Ine ndikumverabe a Phiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Mukufuna ndizimvera ndani? CNN? Anthu aja akamanena za ife opemphera amalankhula ngati ndife mbuli. Pa AM paja ndi pokhapo pamene munthu amatchula Baibulo osasekedwa.

Nangozo:
Moni bambo Mbewe. Palibe wanena za CNN pano. Funso ndi lakuti anthu athu omwewa amatiuza zoona kapena ayi.

Achimwene a ku Ndirande:
Inu a ku America tatithandizeni ife a kumudzi. Wailesi yake iti imene ikukuwawitsani mitima chonchi? Ndi ya boma?

Aphunzitsi a Milwaukee:
Si ya boma achimwene, ndi za makampani. Mbiri yake mwachidule ili motere. Kuyambira 1949 kunali lamulo lotchedwa Fairness Doctrine, lokakamiza wailesi kuti ikaulutsa nkhani yotsutsana izipereka mpata ku mbali zonse. Bungwe la boma loyang'anira mawailesi la FCC linalichotsa mu 1987, nthawi ya Reagan. Chaka chotsatira, mu 1988, Rush Limbaugh anayamba kumveka dziko lonse kuchokera ku New York, tsiku lililonse la ntchito, yekhayekha, osafunikira kuitana womutsutsa. Anthu amene ankaona kuti manyuzipepala akuluakulu ndi TV zimawanyoza anamukhamukira. Mphamvu yake inafika poti a Republican atalanda nyumba ya malamulo mu 1994, aphungu atsopanowo anamupatsa ulemu womuyesa mmodzi wa gulu lawo. Pambuyo pake kunabwera Sean Hannity, Glenn Beck, Mark Levin, Michael Savage ndi ena ambirimbiri a m'mizinda. Ngakhale Mike Pence, amene anadzakhala wachiwiri kwa Pulezidenti Trump, asanapite ku Congress, anali muulutsi wa pulogalamu yotereyi ku Indiana komwe kuli a Phiriko.

Achimwene a ku Ndirande:
Ndiye kuti ndi MBC ya chipani chimodzi, kungoti iyoyo siisintha nyimbo boma likasintha kkkk

Aphiri a Thiraki:
Imasintha achimwene, ndipo ndi pamene pagona nkhani yanga. Koma ndiyambe ndanena zabwino zake, a Mbewe asaganize kuti ndine wosayamika. Munthu ukamayendetsa usiku pa msewu wa I-70, kunja kuli chisanu, FM imatha ukangotuluka mu mzinda, koma AM 700 ya ku Cincinnati kapena AM 890 ya ku Chicago imakutsata maboma angapo, ikulira tsetsetse koma mawu akumveka. Chingerezi cha ndale ndinachiphunzirira mmenemo. Mmene Senate imagwirira ntchito, chifukwa chake oweruza a Supreme Court amalimbiranidwa, zonsezo ndinazidziwira m'thiraki. Limbaugh anali ndi luso, anali woseketsa, ndipo unkamva ngati wakhala naye mpando wapambaliwo.

Chimene chinandithyola ndi 2016. Kwa zaka zambiri anthu awa ankatilalikira kuti mtsogoleri ayenera kukhala wa khalidwe. Pa nkhani ya chibwenzi cha Pulezidenti Clinton ndi Monica Lewinsky anaiimba mpaka kutopetsa. Ankatinso ngongole ya boma ndi tchimo kwa zidzukulu zathu, ndipo malonda a pakati pa mayiko asamatchingidwe ndi misonkho. Atabwera Trump, Levin anali kumbali ya Ted Cruz, amene ankapikisana ndi Trump m'chipani cha Republican, nalengeza poyera mu April kuti Trump sadzamuvotera. Pofika September anati amuvotera. Beck anamutsutsa chaka chonsecho, koma mu 2018 tinangomuona wavala chipewa chofiira chija cha otsatira Trump. Za ngongole zija zinangoti zii. Kusintha maganizo si mlandu, tonse timasintha. Koma ukasintha umafotokoza chakusinthitsa. Awa anangodzuka m'mawa akuimba ina ngati yakaleyo sanaiimbepo.

Ambewe:
Anasintha chifukwa anaona zipatso. Oweruza atatu ku Supreme Court, ndipo mu 2022 Roe v. Wade, chigamulo chija chololeza kuchotsa mimba, inagwa. Tinaipempherera nkhani imeneyo zaka zingati? Akanakhala ouma mutu ngati mmene mukufuniramo, bwenzi Hillary ndi amene anasankha oweruzawo. Pamenepo mundiyankhe.

Aphiri a Thiraki:
Pa oweruza sindikutsutsani bambo. Nanenso ndinakondwa.

Aphunzitsi a Milwaukee:
Ndilowererepo chifukwa izi zinachitikira pakhomo pathu. Kuno ku Wisconsin aulutsi a conservative anagwirizana kukana Trump pa chisankho cha chipulula cha April 2016, ndipo Cruz anapambanadi. Wamkulu wawo anali Charlie Sykes wa pa WTMJ, munthu amene anakhala pa wailesi imeneyo zaka zoposa 20 ndipo anathandiza kwambiri kukweza andale a Republican Scott Walker ndi Paul Ryan. Trump atatenga chipani, Sykes sanasinthe. Omvera ake omwe anamutembenukira, kumutcha wogulitsa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anasiya pulogalamuyo. Iye mwini anadzadandaula kuti iwo aulutsi anaphunzitsa anthu kusakhulupirira nyuzipepala iliyonse, moti tsiku limene anafuna kuuza omvera kuti nkhani ina ndi yabodza, analibenso umboni umene iwo akanaulandira. Michael Medved naye anapitiriza kudzudzula Trump, ndipo kampani ya mawailesi ya Salem inapereka nthawi yake kwa Sebastian Gorka kumayambiriro kwa 2019.

Tsono ena onse anaona zimenezi ndi maso awo. Uthenga unali womveka: ukatsutsana ndi omvera, mpando watha. Ife timaganiza kuti muulutsi ndi amene akutitsogolera, chonsecho iyeyo akutiyang'ana nkhope kuti adziwe zoti anene mawa. Mlandu wina ndi wathu omvera.

Nangozo:
Aphunzitsi, zoti mlandu ndi wathu ndikuzimva, koma sindikuzivomera zonse. Wolandira mamiliyoni ndi ndani? Limbaugh anasaina mgwirizano wa $400 miliyoni mu 2008. Munthu wa ndalama zotero angaope chiyani kunena zoona sabata imodzi?

Ine zanga zinathera pa Covid. Mu February 2020 Limbaugh anauza anthu kuti kachilombo aka ndi chimfine wamba. Patapita chaka ndi theka ine ndili mu wadi kuno ku Texas, ndavala pulasitiki thupi lonse, ndikutembenuza abambo akuluakulu kuti agone chafufumimba mpweya ulowe. Mmodzi sindimuiwala, mlimi wa ng'ombe, manja ake okhakhala ngati a malume anga a ku Dowa. Foni yake inali pa pilo, pulogalamu ya masana ija ikulira chapansipansi, iye ali ndi chipaipi pamphuno. Anandipempha kuti ndimuikire pa chaja isazime. Munthu wabwino, ankandiitana kuti mwana wanga. Sanatuluke.

Mwezi wa August 2021 womwewo anamwalira Phil Valentine, muulutsi wotchuka wa ku Nashville, amene ankakayikira katemera ndipo iye sanabayitse. Ali m'chipatala abale ake ananena kuti akudandaula, ndipo akachira adzalimbikitsa anthu kukabayitsa. Ku Florida anamwaliranso awiri, Dick Farrel ndi Marc Bernier. Awa ndiye ndimawamvera chisoni chifukwa zimene ankanena ankazikhulupiriradi. Amene amandikwiyitsa ndi aja anakabayitsa mwakachetechete n'kumabwera pa maikolofoni kudzakometsa mantha a anthu.

Ambewe:
Pepani mayi, ntchito munaigwira ndi yaikulu. Koma musaiwale kuti aboma nawo anatisokoneza. Lero musavale zotchinga pakamwa, mawa valani. Matchalitchi anatsekedwa pamene mashopu a mowa ali otsegula. Amene anatilankhulira pa nkhani ya matchalitchi ndi a pa wailesi omwewa.

Nangozo:
Za matchalitchi munanena zoona ndipo ndinakwiya nanu limodzi. Koma kulakwa kwa boma sikusandutsa chibayo kukhala chimfine.

Tadala:
Amalume ndi azakhali, ine ndingoseka nawo. Anzanga a msinkhu wanga kuno ku Seattle, ngakhale amene anavotera Trump, sadziwa n'komwe kuti AM ili pati m'galimoto. Tesla ilibe. Ford inafuna kuichotsa mu 2023 koma inabwerera m'mbuyo aphungu atachita phokoso, mpaka Ted Cruz ndi Ed Markey wa Democrat, anthu osamwerana madzi, anagwirizana pa bilu yokakamiza kuti AM ikhalebe m'magalimoto. Ife timamvera ma podcast.

Aphiri a Thiraki:
Ma podcast akowo ndiye abwino mphwanga? Pa wailesi pamakhala bwana woti akhoza kukuletsa. Uko aliyense ndi bwana.

Tadala:
Sindinati ndi abwino amalume kkkk. Ndangoti mukulira maliro a chinthu choti ife sitinachipeze chili moyo.

Mayi a Chisomo:
Ndakhala ndikuwerenga chete, koma nkhani ya malonda palibe waitchula. Inu mumawerengako zimene amatsatsa pa mapulogalamu amenewa? Golide, mankhwala a kuphwanya kwa thupi, mapilo, chakudya cha m'zidebe chosunga zaka zambiri podikira tsiku la chipwirikiti, maloya a ngongole za msonkho. Ndipo si munthu wina amene amawerenga malondawo, ndi muulutsi yemweyo, ndi mawu omwewo amene wangonena nawo kuti dziko likugwa. Akamaliza kukuopseza kuti dola isanduka pepala, osapuma n'komwe, akupatsa nambala yoimbira kuti ugule golide.

Ndimasamalira agogo ena kunyumba kwawo kuno ku Ohio. Kawailesi kawo kamakhala pamwamba pa filiji, sikazima. Tsiku lina anandituma kukatenga kabokosi pansi pa bedi, muli timakobidi tagolide, kalikonse m'kapulasitiki kakekake. Anagula ndi ndalama za penshoni ku kampani ina imene muulutsi wawo ankailumbirira. Mwana wawo atapita nato kwa ogula golide m'tauni, mtengo umene anamuuza unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene bambo ake analipira, chifukwa anawagulitsa ngati makobidi osowa pamene ndi wamba. Agogowo mpaka lero amati wolakwa ndi wa m'tauniyo. Muulutsi wawo sanganame.

Aphunzitsi a Milwaukee:
Mayi a Chisomo mwakhudza pamene pali ndalama. Lamulo la 1996 linalola kampani imodzi kugula mawailesi ochuluka mmene ingathere, ndipo Clear Channel, imene pano ndi iHeartMedia, inafika pokhala ndi oposa 1,000. Inadzikundikira ngongole pafupifupi $20 biliyoni mpaka inakadzigwetsa ku khoti mu 2018. Cumulus inali itachita kale chimodzimodzi mu 2017. Kampani ya ngongole siilemba atolankhani m'tauni iliyonse, imagula pulogalamu imodzi n'kuiulutsa paliponse. Komanso kuchokera mu 2012, Limbaugh atatukwana wophunzira wamkazi Sandra Fluke, makampani akuluakulu ambiri anathawa kutsatsa pa mapulogalamu a ndale. Otsala ndi a golide ndi mapilo aja. Amenewo safuna womvera wodekha, amafuna wamantha amene aimbe foni lero lomwe.

Ambewe:
Nanga TV za mbali inayo sizitsatsa mankhwala usiku wonse? Aliyense amadya pamene amagwira ntchito.

Mayi a Chisomo:
Amadya inde bambo, koma asamadye nkhosa zawo zomwe.

Ndipo popeza mwandiyambitsa, ndinene ya Springfield. September 2024, mphekesera yoti anthu a ku Haiti akudya amphaka ndi agalu a eni. Apolisi a mumzindawo anati palibe umboni. Bwanamkubwa Mike DeWine, wa Republican, wobadwira ku Springfield komweko, anatinso palibe umboni, ndipo anati anthuwo anabwera kudzagwira ntchito. Masukulu anatsekedwa chifukwa cha mauthenga oopseza mabomba. Koma wa pa wailesi amene ndinkamumvera popita ku ntchito anaikoka nkhaniyo masiku, akuseka, oimba foni akuwonjezera zawo. Ine ndili m'galimoto ndi nkhope yanga yakudayi. Mukuganiza kuti mzungu wa pa shopu amasiyanitsa wa ku Haiti ndi wa ku Ntcheu? Kuyambira pamenepo ndinasamukira ku wailesi ya nyimbo za Mulungu.

Achimwene a ku Ndirande:
Koma inu, ndiye munkamvera bwanji anthu oti sakufunani? Si omwewa atiikira chikole cha viza? Kuno nkhani inali ponseponse mu August 2025, Malawi ndi Zambia kukhala oyamba, munthu upereke mpaka $15,000 kuti ukaone m'bale wako.

Ambewe:
Chikolecho sanaike ndi a pa wailesi. Ndipo tinene zoona, abale athu ena amabwera ndi viza yocheza n'kusabwerera. Ine ndinalowa mwalamulo, ndinadikira, ndinalipira. Wonena kuti malire atetezedwe sakundinyoza ine.

Nangozo:
Achimwene a ku Ndirande, funso lanu ndi lolasa koma yankho lilipo. Ambiri a ife tinakulira mu CCAP, mu Katolika, mu Assemblies. Titafika kuno tinapeza kuti amene akulankhula za banja, za kulera ana mwamwambo, za kulimbikira ntchito osadalira boma, ndi a mbali imeneyi. Komanso ma ARV amene apulumutsa abale athu kumudzi anabwera ndi PEPFAR, imene anayambitsa George W. Bush mu 2003, wa Republican. Sitinali openga. Koma chithandizo cha USAID chitadulidwa mu 2025, ndinatchera khutu kuti mwina wina mwa aulutsi odzitcha Akhristuwa akumbutsa anthu kuti ntchito ina inayambidwa ndi chipani chawo chomwe. Amene ndinawamva ine ankangowerenga mndandanda wa zinthu zoseketsa zimene ati ndalamazo zinkapitako.

Aphiri a Thiraki:
Tibwerere kwa azungu anzanga aja, chifukwa iwo za viza ndi za PEPFAR sizikuwakhudza, koma nawonso achoka. Wina amene timakumana pa malo omwetsera mafuta ku Fort Wayne anatumizako ndalama zothandizira kumenyera mavoti amene ankati abedwa mu 2020. Anakhulupirira ndi mtima wonse. Kenako kunabwera mlandu wa Dominion, kampani ya makina a mavoti, pamene TV ya Fox inalipira $787.5 miliyoni mu April 2023, ndipo mauthenga a m'mafoni mwawo anatuluka poyera. Hannity atalumbira ananena kuti nkhani ya loya Sidney Powell ya makina obera mavoti sanaikhulupirire ngakhale kamphindi. Mnzangayo anandiuza kuti chomuwawa si kuluza chisankho, koma kudziwa kuti anthu aja kuseri ankadziwa zoona n'kumamusiya iye akukangana ndi ana ake pa tebulo.

Ambewe:
Imeneyo ndi TV, si wailesi.

Aphiri a Thiraki:
Hannity wa pa TV usiku ndi yemweyo wa pa wailesi 3 koloko masana bambo. Alibe mapasa.

Aphunzitsi a Milwaukee:
Ndipo ya wailesi yeniyeni ilipo. Pa 6 January 2021, anthu atathyola nyumba ya malamulo, akuluakulu a Cumulus analembera aulutsi awo kuti asiye kunena kuti chisankho chinabedwa, apo ayi achotsedwa ntchito. Dzifunseni kuti miyezi iwiri yonse ya m'mbuyomo kalatayo inali kuti. Salem nayo mu 2024 inapepesa kwa bambo wina wa ku Georgia amene kanema wawo anamuonetsa ngati wakuba mavoti, ndipo kanemayo inamuchotsa pa msika. Tsiku lomwe lija la 6 January, khamu linkakuwa kuti Pence apachikidwe, munthu amene anayambira pa maikolofoni omwewa.

Tadala:
Koma imene yagwedeza anzanga ine ndi ya Dan Bongino. Limbaugh atamwalira mu February 2021, mawailesi ena anapatsa nthawi yake kwa Clay Travis ndi Buck Sexton, ena kwa Bongino. Iyeyu ankauza omvera kuti nkhani ya Jeffrey Epstein, mpondamatiki uja anafera m'ndende akuimbidwa mlandu wogulitsa atsikana achichepere kuti azigonedwa, asaitaye, pali zobisika. Mu 2025 anamupatsa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa FBI. Mu May anapita pa Fox n'kunena kuti waona mafailo, Epstein anadzipha yekha. Mu July unduna wa zachilungamo unati mndandanda wa makasitomala a Epstein umene anthu ankaunena kulibe. Anthu ake anapsa mtima zedi, ena kumati wagulidwa.

Aphunzitsi a Milwaukee:
Taonani bwino pamenepo. Nthawi imene analibe mafailo ankamukhulupirira. Atawaona n'kunena zimene wapeza, ndi pamene anamutcha wabodza. Ndiye kukhumudwa kuli pawiri. Pali onga a Phiri ndi a Nangozo amene achoka chifukwa aulutsi anawanamiza. Palinso ena amene achoka chifukwa aulutsi sakunama mokwanira, ndipo amenewo akupita kwa ena oopsa kuposa. Tisamawaphatikize.

Nangozo:
Zoona. Ndipo pano akudyana okhaokha. Nthawi ya kuphulitsa Iran mu June 2025, Levin ndi muulutsi mnzake Tucker Carlson ankatukwanizana poyera, wina akuti timenye, wina akuti nkhondo imeneyi si yathu. Ku mpingo kwathu abambo awiri amene ankakhala benchi imodzi anasiya kupatsana moni chifukwa cha zimenezo.

Ambewe:
Imeneyo ndiye ikusonyeza kuti kuli ufulu wotsutsana, si kwaya ya mawu amodzi ngati mmene mumanenera. Ine ndanena kale, sindimeza zonse. Za golide sindigula, katemera ndinabayitsa, za amphaka sindinazikhulupirire. Koma Levin akayamba kufotokoza malamulo oyendetsera dziko lino, palibe wina amene amandiphunzitsa choncho, ngakhale amakuwa ngati wapsa ndi phala. Ndimasankha nsomba, minga ndimalavula.

Mayi a Chisomo:
Inu mumatha kulavula bambo. Agogo anga aja sangathe, ndipo pulogalamuyo imalipiridwa ndi anthu ngati iwowo.

Aphiri a Thiraki:
A Mbewe, funso limodzi lokha. Pa zaka zonse mwamvera, munamvapo mmodzi wa iwo akunena kuti zimene ndinakuuzani sabata yatha zinali zolakwika, pepani? Ndikufunsa moona, mwina ine ndinali ndikutsitsa katundu nthawi imeneyo.

Ambewe:
Beck anapepesapo, ananena kuti anathandiza kugawanitsa dziko.

Aphunzitsi a Milwaukee:
Ananenadi, mu 2014. Kenako omvera anachepa, ndipo chipewa chija chinatsatira.

Ambewe:
Mwafunsa ngati alipo, ndakupatsani dzina. Musasunthe zigoli.

Achimwene a ku Ndirande:
Ine ndale zanuzo zandikwana, magetsi athima ndipo foni yatsala pang'ono. A Nangozo, popeza inu mumadziwa za mapepala, chikole chija amabweza munthu akabwerera pa nthawi yake? Amayi akufuna kudzaona chidzukulu ku Dallas.

Nangozo:
Mu 2025 ankati amabweza ngati watuluka masiku asanathe komanso wadzera pa mabwalo a ndege amene anatchula. Koma musalipire kwa munthu aliyense wapakati, funsani a ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe akuuzeni okha. Ndiimbireni Loweruka ndikaweruka, pano ndikulowa shifiti.